Aphunzitsi Amene Ankazingitsa Nkhuku kwa Che Sidik

Akhristu anzanga a kuno ku Ulongwe, mwezi uno tikumbukire a Blasius Likaka, amene tinawaperekeza kumanda mvula yapitayi. Ndikudziwa kuti ena mwakwinya kale nkhope pongoona dzinali. Kwinyani ndithu, koma muwerenge mpaka kumapeto, chifukwa zimene zinkanong'onedwa kuseri kwa tchalitchi zinali zambirimbiri, pomwe zoona zake n'zochepa ndiponso zowawa.

A Blasius anabadwira kufupi ndi Kasupe. Mayi awo, a Judith, sanali a kuno. Anagwidwa ali kamtsikana, namangidwa chingwe mu ulendo wa amalonda a minyanga ndi anthu, ndipo anapulumuka asilikali atabalalitsa ulendowo. Nkhaniyi anauza mwana mmodzi yekha, Blasius, atamulumbiritsa kuti asadzayerekeze kuitulutsa. Inu mukudziwa kuti kwathu kuno mtundu umatsata mayi. Dzina loti kapolo likanangomveka, likanamatirira alongo ake ndi ana awo omwe, mwina mpaka kusowa owafunsira mbeta. Anamuuzanso dzina la mnyamata amene ankagwira chingwecho, kuti anali Sidik, ndi kuti iwo anamuluma dzanja pa doko. Zonsezi andiuza ndi a Judith eni ake maliro atatha, nati ndilembe, mwana wawo anasenza mokwanira.

Atatsiriza sukulu ya ku mishoni, a Blasius anagwira ntchito m'sitolo ya Mmwenye wina ku Balaka, pafupi ndi njanji. Kumeneko ndi kumene matenda awo ofunsafunsa anayambira. Munthu wabwera kudzagula mchere, iwo n'kumufunsa kuti sitima isanabwere mchere unkachokera kuti, ankausenza ndani, nanga ankausinthanitsa ndi chiyani. Ena ankachita kutopa nawo n'kutuluka osagula. Atakwatira a Anastasia anasamukira kuno n'kuyamba uphunzitsi, koma mafunso aja sanawasiye ku Balaka. Sukulu ikatsekera ankakwera njinga yawo yokalamba n'kumayendera nkhalamba za ku Chiuta ndi za m'mbali mwa Shire.

Pa maulendo amenewo panatuluka timabuku tiwiri tolemba pamanja, tomwe aphunzitsi anzawo ankakopera n'kumabwerekana. Koyamba anakatcha Njira za Malonda. Kanafotokoza mmene mchere, makasu, nsomba zouma ndi nsalu zinkayendera m'dziko muno kusanabwere masitolo. Kachiwiri, Mwini Ulendo, kanali konena za utsogoleri, ndipo mawu ake ena tikuwanenabe osadziwa kuti ndi awo. "Mtsogoleri sayeza mtunda ndi miyendo yake," analemba choncho, "amayeza ndi miyendo ya wotsimphina." Koma kabukuka sikanathe msanga. Ankati sangalembe za atsogoleri a maulendo n'kubisa zoti ena mwa iwo katundu wawo anali anthu.

Akale anati safunsa anadya phula, koma kuno wofunsa ndiye anaona zakuda. Nthawi ya Chitaganya itafika, aliyense woyenda ndi pensulo ankamuyesa kazitape wa boma. Asodzi a ku Chiuta akangoona njinga ya a Blasius ankakankhira mabwato m'mabango, ati awa abwera kudzawerenga kuti msonkho ukwere. A Blasius ankangoseka, n'kukhala pansi kudikira.

M'zaka zomwezo ndi pamene anapeza kuti Sidik uja ali moyo, nkhalamba yakhungu, m'mudzi wa Asilamu osati kutali ndi kuno. Anapita. Mtima unali kuwira, ndipo a Judith akuti mwana wawo anawauza mosabisa kuti kulandira Ukaristia ndi chidani chotere m'mimba kunkawaopsa kuposa imfa.

"Wakutumani ndani, aphunzitsi?" anafunsa Che Sidik, khutu atalozetsa kumene kunkachokera mawu. "Abwana a ku Kasupe, kapena ansembe anu?"

"Iyayi, ambuje. Ndadzituma ndekha. Ndikufuna kumva za maulendo akale."

"Munthu sadzituma yekha kwa nkhalamba yopanda maso. Chilipo chimene mwabisa m'thumbamo."

Panapita miyezi nkhalambayo ikungowapatsa makoko a nkhani. Tsiku lina inati, "Munthu amene sindinadye naye sindimuuza za kukhosi. Koma kwa inu Akhristu ine ndingadye chiyani?" A Blasius anamva. Anagulitsa nkhumba zawo zonse, nagula mphika watsopano. Loweruka lililonse ankanyamula nkhuku yamoyo kukhwapa kupita nayo kwa Abdulrazak, mwana wa Che Sidik, kuti akaizinge mwa Chisilamu, kenako n'kubwerera akutsogolera nkhalambayo ndi ndodo mpaka pakhonde pawo.

Abale anga, mudzi ulibe chitseko. Mphunzitsi wa katekisimu kugulitsa nkhumba! Kuzingitsa nkhuku kwa Asilamu! Ngakhale a Anastasia mtima unawathawa. "Bambo a Lilian," anatero, "ndiuzeni ndidziwiretu. Kodi kumeneko mwaonako mkazi woti adzakhale mnzanga pa mitala?" A Blasius anangoti, "Mayi, mkazi wanga ndinu, Mulungu wanga ndi yemwe uja. Zinazo musandifunse." Mayiwo anapitiriza kuphika nkhukuzo, koma misozi ili m'maso.

Amene anainyamula nkhaniyi pamutu anali a Feston, mkulu wa mpingo, munthu wakhama pa zopemphera koma wa maso a kabawi. Anakaitula kwa Bambo Mfumu, ndipo a Blasius anaitanidwa pamaso pa akuluakulu.

"Aphunzitsi, kodi mwalowa Chisilamu?" anafunsa wansembeyo.

"Iyayi, Bambo."

"Nanga mbiri ya malondayo simungaimve kwa nkhalamba zachikhristu?" analowerera a Feston. "Bwanji Sidik yekhayekha? Wakudyetsani chiyani?"

Yankho linali pamlomo, ndipo likanawamasula pomwepo. Koma likanavula mayi awo pagulu. A Blasius anayang'ana pansi, nati, "Sindingathe kunena." Chigamulo chinali chakuti asiye kupita kwa Che Sidik, apo ayi aime kulandira masakramenti ndi kuphunzitsa. Munthu amene sanajombepo Misa chibatizidwire anatuluka m'chipindamo atasenza chigamulocho. Loweruka lotsatira anthu anawaonanso pamsewu, nkhuku ili kukhwapa.

Anayamba kukhala pa benchi yakumbuyo kwenikweni. Anzawo akamapita kukalandira, iwo ankagwada n'kuphimba nkhope. Sanadandaulepo, sananenerepo a Feston choipa. Ankalima thonje kuti adyetse banja, ndipo denga la tchalitchi likadontha ndi iwo amene ankakwera kukafolera, ena akuchita kusuntha kuti asakhudzane nawo. Kwa Asilamu nakonso sanasiye kuwakayikira, ati mwina akudikira nkhalambayo idwale kuti aibatize mwakabisira.

Pamapeto pake Che Sidik anamasuka. Anafotokoza za ulendo wake wotsiriza, mmene ankagawira chakudya, mmene ankaolokera Shire, ndiponso za kamtsikana kena kamene kanamuluma dzanja pa doko.

"Dzina lake anali ndani?" anafunsa a Blasius.

"Katundu analibe dzina, aphunzitsi." Nkhalambayo inasisita dzanja lija. "Maso anga anafa, koma kamwana kameneko ndimakaonabe. Kaya Mulungu adzandiyankha chiyani."

Tsiku limenelo a Blasius sanadye. Anawaperekeza Che Sidik mpaka kwawo monga mwa masiku onse, akuwachenjeza pa mwala uliwonse. M'kabuku kaja analembamo nkhani yonse, mtsikanayo osamutchula, ndipo anatsiriza ndi mawu oti wotsogolera anthu akangoiwala maina awo, wayamba kale kuwagulitsa. Che Sidik atamwalira, a Blasius anakakhala nawo pa maliro mpaka kumanda, ndipo zimenezo zinangowonjezera nkhuni pamoto.

Chifuwa chinawagwira a Blasius zaka zingapo pambuyo pake. Zitafika povuta, a Anastasia anathamangira ku mishoni. Bambo Mfumu anabwera, nakhala nawo awiriwiri kwa nthawi yaitali. Zimene zinanenedwa m'menemo n'za Mulungu, ife tinangoona wansembe akutuluka maso ali psuu, n'kuitanitsa kandulo ndi nsalu yoyera. A Blasius analandira Ambuye wawo, nkhope ili mbee ngati ya mwana.

A Feston anali atafika nawonso. Sanalowe, anaima pakhomo atatchera khutu, pakuti anali atauza anthu kuti munthu sanama pakufa, tidzamva kuti aitana Mulungu wa mbali iti. A Blasius anawaona.

"A Feston," anatero ndi mawu otsika, "lowani mukhale apa pamphasa. Pakhomopo simumva bwino."

Mkuluyo analowa mwamanyazi nakhala. Wodwalayo anachita chizindikiro cha mtanda, nayamba pemphero la Atate Athu pang'onopang'ono, tonse tikutsatira. Atafika pa mawu okhululukira adani anaima, napuma movutikira, natchula maina awiri momveka bwino, la Che Sidik ndi la a Feston. Kenako anafufuza dzanja la a Feston naligwira. Pempherolo tinalitsiriza ndife, iwo atapita kale, ndipo a Feston sanathe kuchotsa dzanja lawo mpaka amayi atayamba kulira.

Mzimu wa a Blasius Likaka uuse mumtendere.