Mizu Imene Ndinathira mu Rediyeta

Inu owerenga, ine sukulu sindinaiponde, izi akundilembera ndi mnzanga wakutchalitchi. Ndinanena mtengwa wanga kuti ndi mfiti, chikhalirecho wolakwa ndinali ine.

Mwana wanga Yotamu atagulitsa fodya anagula kapikapu kakale, kotutira chimanga kuno ku Msakambewa. Anthu ankabwera kudzakasisita, koma ine ndinkayang'ana maso awo. Si onse oseka nawe amene akondwa. Ndinazemba kupita kwa sing'anga, ine ndemwe wosajomba Lamulungu, kuti galimotoyo itsirikidwe. Anandipatsa mizu yosinja ndi makungwa ofiira, amvekere ndikathire pamene galimoto imamwera madzi.

Malowo ndinkawadziwa. Amati rediyeta, mosungira madzi oziziritsa injini, ndipo boneti yake inali yomanga ndi linya basi. Yotamu ali kumaliro ndinathiramo chikho chodzaza. Mwezi ukaoneka ndinkawonjezera, osauza munthu.

Posakhalitsa galimoto inayamba kubwata. Pamtsetse ili bwinobwino, koma ikangoyamba zitunda za ku Ntchisi, nthunzi tolotolo! Mumtima ndinati: ndinanena ine, alipo amene akulimbana ndi mankhwala anga. Aliyense wodutsa pafupi ndi galimotoyo ndinkamuperekeza ndi diso.

Tsiku lina m'mawa ndinapeza mtengwa wanga Nabanda, mkazi wa Yotamu, atagwada kutsogolo kwa galimotoyo ndi ndowa, pansi pakuyenderera madzi ofiira ngati magazi. Nditafunsa anati, "Amayi, abambo a Chisomo andituma ndichotse mankhusu ndi ziwala zatseka apazi, nditsukenso m'katimu." Sindinakhulupirire. Bwanji mwini wake atachoka? Nanga kufiirako? Ndinakuwa kuti ndagwira mfiti, mudzi wonse unasonkhana. Yotamu atafika anavomera kuti anamutumadi, ine n'kumuuza kuti anadyetsedwa mankhwala. Nabanda analowa m'nyumba. Anabereka Chisomo, mdzukulu wanga, ulendo kwawo ku Ntchisi.

Galimoto siinaleke kubwata. Yotamu anapita nayo kwa makaniko ku Chisepo, ine n'kukwera nawo popita kuchigayo. Makaniko anamasula rediyeta n'kuipopera madzi ndi paipi. Munatuluka chiphala chofiira, kenako tizidutswa ta makungwa. Anatola kamodzi n'kununkhiza.

"Achimwene, galimoto yanuyi ikudwala chiyani kuti muziimwetsa zitsamba? Timipata tonse tatseka, madzi ayenda bwanji?"

Anthu anafa nacho chikhakhali. Yotamu sanaseke. Ananditembenukira n'kunena kuti, "Amayi, ndiye kuti za Nabanda zija munkanena zoona."

Inu owerenga, tangoganizani! Makungwa anga omwe anasanduka mboni yomupachika mwana wa eni. Pobwerera, chitunda tinakwera bwinobwino, injini ili ziii, ine ndi amene ndinkabwata.

Ndinapirira masiku angapo, kenako ndinamuululira Yotamu. Anangotuluka panja. Ndinagwira nkhuku kupita ku Ntchisi kukapepesa. Nabanda anandiyalira mphasa, Chisomo anandikhala pamwendo. Nditatha kulankhula anati, "Ndamva amayi. Koma ufiti munanditchula pabwalo, kupepesa mwadzapepesera m'nyumba."

Mpaka lero sanabwerere, ndipo akazi apamjigo amamutchulabe dzina lija.

Azimayi anzanga, galimoto ikabwata imafuna kutsuka ndi madzi oyera, osati mizu. Musanaloze munthu chala, yambani mwakumbukira chimene manja anu anathira. Ine ndapempha kuti Lamulungu likubwerali andipatse mpata ndiimirire pamaso pa mpingo wonse. Pabwalo ndinakuwira, pabwalo pomwepo ndikanene kuti mizu ija inali yanga.