Kamodzi pa Sabata

Hilaria Ticona anagulitsa api pageti la chipatala china cha ku El Alto kwa zaka makumi awiri ndi zitatu. Ankafika m'mamawa chisanu chikuluma, poto wake atamukulunga m'mabulangete, n'kukhala pakampando pafupi ndi mzere wa odwala. Amene wabwera wosadya ankamwa kapu ya phala lotentha la chimanga chofiiriralo, manja n'kuleka kunjenjemera. Anamwino ndi alonda ankamudziwa dzina, koma madokotala ankangomudutsa.

Mwamuna wake, Saturnino, anali mmisiri womanga nyumba, munthu wanthabwala woti pamaliro anzake ankakhala naye patali kuopa kuseka. Atakwanitsa zaka makumi asanu, nyamakazi inamulowa m'manja. Zala zinatupa n'kupindika mpaka chipande chomangira chinayamba kumupulumuka.

"Taonani, mayi a Eulogia, manja angawa asanduka mbatata," ankatero. "Muwaphike tidyere tsabola."

Hilaria ndiye anamukakamiza kulowa m'chipatalamo. Anapeza dokotala wachinyamata, maso ali psuu ndi kutopa, anthu ena ambirimbiri akudikira pakhomo. Dokotalayo analankhula Chisipanishi mothamanga, maso ali papepala. Hilaria ndi mwamuna wake anakulira m'Chiaimara, chilankhulo cha makolo awo. Chisipanishi cha Saturnino chinali cha njerwa ndi simenti, cha Hilaria chinali cha moni ndi malonda.

"Mwamva, bambo?" anafunsa dokotalayo, akung'amba pepala.

"Inde, adokotala."

Atatuluka Hilaria anamukoka malaya. "Anati chiyani?"

"Anati mapiritsi atatu. Zinazo zandidutsa ngati minibasi yodzaza."

Pawindo la mankhwala anawapatsa kathumba popanda mawu. Zolemba za papepalazo zinali ngati nyerere zagwera mu inki, komanso kuwerenga kunali kowavuta onse. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Eulogia, amene anapita kusukulu, anali kunja kwa dziko, ku São Paulo, kumene ankasoka zovala.

Mankhwala onse omwe Hilaria ankawadziwa anali akumwa tsiku ndi tsiku, choncho m'mawa uliwonse ankamupatsa mwamuna wake mapiritsi atatu asanapite kumalonda. Patatha masiku asanu ndi anayi, m'kamwa mwa Saturnino munatuluka zilonda. Anabwerera kuchipatala, napeza dokotala wina. Uyu anasuzumira m'kamwamo, nalemba mankhwala ochukuchira. Kathumba ka mapiritsi kanali m'nsalu ya Hilaria, koma palibe anafunsa, ndipo iye anaopa kudula pakamwa munthu wophunzira.

Saturnino atayamba kulephera kumeza, Hilaria ankasinja mapiritsiwo n'kuwasungunula mu api, n'kumamumwetsa ndi supuni. Sabata yachitatu magazi anayamba kutuluka m'mphuno ndi m'nkhama. Anamugoneka m'chipatala Lachiwiri, Lachisanu masana anamwalira.

Namwino wina wamkulu ndiye anatsegula kathumbako. Anayang'ana pepala, nayang'ana Hilaria.

"Mayi, awa ndi akumwa kamodzi pa sabata. Amuna anu mwawapha nokha."

Eulogia anabwera kumaliro. Atamva momwe zinayendera sanakalipe. Anangoti, "Mukanandiimbira foni, amayi. Foni basi." Anabwerera ku São Paulo, ndipo zaka zisanu ndi chimodzi zinatha Hilaria osamva mawu ake. Hilaria anabwerera pageti lomwelo, chifukwa ntchito ina analibe.

Chaka chachisanu ndi chimodzicho pagetipo panabwera mayi wina wa ku yunivesite, Dokotala Noemí Zeballos. Ankafufuza zomwe odwala amatuluka nazo m'mutu akachoka kwa dokotala. Ankaimitsa anthu, kope lili m'manja, koma onse ankayankha mwaulemu kuti amva bwino, n'kuthawa. Hilaria anamuonerera masiku atatu, kenako anamuitana.

"Adokotala, bwerani mumwe api, mwauma milomo. Anthuwa mukuwafunsa m'chilankhulo chomwe chawasokoneza m'katimo. Ndiye mwavalanso choyera. Ngakhale mutafunsa ngati bulu amauluka, akuyankhani kuti inde."

Noemí anaseka, navula chovala choyeracho n'kuchipinda. Kuyambira tsikulo ankakhala pabokosi pambali pa poto, Hilaria n'kumafunsa odwala m'Chiaimara uku akuthira api: "Akuuzani chiyani m'katimo, achemwali? Akuti mumwe kangati?" Anthu ankamasuka. Wina sankadziwa dzina la matenda ake. Wina ankameza mankhwala opaka. Nkhalamba ina inkaganiza kuti opaleshoni yake ndi ya diso, pomwe papepala analemba ya chotupa cha pamimba. Noemí ankalemba zonse, nthawi zina n'kusiya cholembera, n'kugwira munthuyo padzanja kubwerera naye m'katimo.

Patatha miyezi inayi Hilaria anabweretsa pepala la Saturnino, lomwe ankalisunga m'chitini cha singano. Anafotokoza nkhani yonse maso ali pa poto. Noemí analiyang'ana pepalalo nthawi yaitali.

"Ine ndine dokotala, mayi Hilaria, koma ndawerenga katatu kuti ndione pomwe palembedwa kuti sabata."

"Ndiye ndinawapha kapena ayi?"

"Amuna anu anadutsa m'manja mwa anthu ophunzira atatu. Palibe ndi mmodzi yemwe anakufunsani zomwe mwamva. Inu munachita zomwe munamva."

"Koma supuni ndinagwira ndine," anatero Hilaria, n'kubweza pepalalo m'chitini.

Kafukufuku atatha, Noemí anapempha akuluakulu a chipatala zinthu zing'onozing'ono. Anati dokotala asamafunse kuti "mwamva?", koma azipempha wodwala kubwereza m'mawu ake zomwe akachite kunyumba. Anati mapiritsi a pa sabata azikhala m'kathumba kofiira, ndipo wodziwa Chiaimara azikhala pawindo la mankhwala. Madokotala ena anayamba kutero. Ena anati mzere ndi wautali, nthawi yocheza alibe. Timatumba tofiira tinakhalapo chaka chimodzi, titatha sanagulenso. Noemí naye anapeza ntchito ku Cochabamba. Asananyamuke anapempha Hilaria chilolezo cholembera kalata Eulogia.

"Lembani," anatero Hilaria, "koma musandipepesere. Mungomuuza zomwe munaona papepala."

Miyezi inadutsa popanda yankho. Itayandikira Novembala, nthawi imene mwamwambo wawo amakonzera akufa thebulo la zakudya, Hilaria anali kukanda ufa wa buledi m'nyumba mwake pamene chitseko chinatseguka. Anali Eulogia, atawonda, atavala magalasi omwe kale analibe. Anaika chikwama pansi, nasamba m'manja, n'kuima mbali ina ya thebulo. Anayamba kukanda limodzi.

"Kalata ija ndinailandira mu Juni," anatero Eulogia. "Ndinkaopa kubwera."

"Kuopa ine?"

"Ababa anandiimbira foni, amayi. Sabata yomwe anayamba kumwa mankhwalayo. Anati pali pepala loti ndiwawerengere, apempha mwana wa aneba alijambule anditumizire. Ine ndinali pamakina, abwana ali pamsana. Ndinati ndiimbanso Lamlungu. Sindinaimbe."

Hilaria analeka kukanda. Zimenezi Saturnino sanamuuzepo.

"Ndiye zaka zonsezi unali nazo wekha?"

"Kukwiyira inu kunali kophweka."

Hilaria anafuna kumuuza mawu omwe Noemí anamuuza aja, koma anadziwa kuti mawuwo sanamuchize iye, ndipo sakanachizanso mwana wake. Anapukuta manja pansalu, nazungulira thebulo, n'kumuvula magalasi chifukwa anali atanyowa. Anakhala pansi onse awiri, ufa uli m'mikono, n'kulira maliro omwe sanalire limodzi pa nthawi yake.

Eulogia anakhala masiku khumi n'kubwerera ku ntchito. Hilaria anagulitsabe api zaka zina zitatu, mpaka mawondo anakana kukwera minibasi ndi poto. Malo ake pageti anatenga mayi wina wogulitsa madzi a malalanje, ndipo Hilaria anapita kukakhala kwa mng'ono wake ku Achacachi, kumene anamwalira nyengo yokumba mbatata.