Maliro Opanda Mtembo ku Rimuka

Utsi wa lubani ukandidutsa pamphuno, ndimaona Abiti Amidu akulowa m'nyumba mwathu ku Rimuka, komboni ya mu Kadoma, mpango woyera uli kumutu, fungo lawo likusakanikirana ndi fumbi la thonje limene bambo ankabwera nalo m'tsitsi kuchokera ku fakitale. Anali mayi wachiyao wa nyumba yoyandikana nafe, ndipo ntchito yawo inali yosambitsa maliro a akazi a ku mzikiti. Ife tinali Akhristu, koma tonse tinkawatchula kuti anganga.

Analibe TV, choncho magetsi akabwera ankadzakhala pa sofa yathu. Lachisanu lina masana, pa nkhani anaonetsa mayi wa ku Gaza akufukula njerwa ndi manja.

"Akufuna chiyani mayiyu?" anafunsa anganga.

"Mwana wake ali pansipo," anayankha bambo.

Anganga anasiya tiyi wawo n'kutuluka.

M'mawa mwake tinadzutsidwa ndi tsache. Anganga anali atatulutsa mipando yawo yonse panja n'kuyala mphasa, monga timachitira pakagwa zovuta. Amayi anathamangirako akumanga chitenje m'njira.

"Anganga, watisiya ndani?"

"Ana a ku Palestina."

Bambo anayandikira, n'kulankhula motsitsa mawu. "Amayi, kumenekotu n'kutali. Anthu akusekani."

"Bambo a Ndaona, ku Chakari n'kutali? Amuna anga ali kumeneko, mgodi unawagwera. Ine ndasambitsa akazi ambirimbiri mu Kadoma muno, koma iwo aja sindinawaone ngakhale phazi. Anandiuza kuti popanda mtembo palibe maliro, ndipo ndinangokhala. Mayi wa ku Gaza uja tisamusiye choncho."

Bambo anavula chipewa. Kenako anapita kukabwereka mabenchi ku tchalitchi.

Zotsatira zake ndimazikumbukira ngati zimene munthu amaona akamasinza pamthunzi. Kunja kunali kotentha, mitambo ya mvula itaima pamwamba pa mapesi obiriwira a kuseri kwa nyumba, utsi wa lubani ukuyenda pansipansi pakati pa miyendo ya anthu. Amayi a Mvano ankaimba chamumtima, akapuma azibambo a ku mzikiti n'kuyamba duwa, pemphero lawo, ndipo palibe amene ankadula mnzake. Mai Tendai, Mshona wa mseu wachiwiri, anabwera ndi mtolo wa ndiwo zamasamba n'kugwira chanza aliyense akupepesa m'Chishona kuti, "Nematambudziko." Masana basi inatsitsa ena ochokera ku Chegutu, omwe anangomva kuti kwa Abiti Amidu kwagwa maliro.

Mayina a ana aja panalibe amene ankawadziwa. Ndiye mkulu wina wa ku Gadzema, wa chifuwa cha mumgodi, anatchula dzina la mayi ake, amene anamwalira ku Mangochi iye alibe mapepala owolokera malire. Wina anatchula mlongo wake wa ku Dedza. Mayina anayenda pamphasa ponse, mmodzi akamaliza wina n'kuyamba, ndipo ndinazindikira kuti ife, amene anzathu kusukulu ankatinena kuti tilibe mudzi, tinali ndi manda m'malo ambiri amene sitinawaonepo.

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Chichewa ndinkachimva, koma ndinkayankha m'Chishona. Amayi atandikodola kuti ndikapepese, ndinagwada pamaso pa anganga, ndipo mawu anatuluka okha: "Pepani, anganga." Anandigwira mutu ndi manja awo ozizira, n'kutchula dzina la amuna awo. Aka kanali koyamba kuwaona akulira, ndipo analira mpaka mvula inayamba kudontha pa malata.

Anganga anatisiya kalekale. Ine ndimakhala ku Chegutu, ndimasoka mayunifolomu a ana asukulu. Masiku ano zithunzi za ku Gaza zimandipeza pa foni, ndipo zikafika ndimaimitsa makina, sindizidutsa msanga. Tsiku lina mwana wanga wamkazi anasuzumira paphewa panga n'kufunsa m'Chishona ngati anthuwo ndimawadziwa.

"Ayi," ndinamuyankha m'Chichewa, ndikumusendera pa benchi. "Koma khala pansi. Pamaliro sitiimirira."