Raushan ndi Zala za Bambo Sagyndyk

Raushan anakulira pamsika wa ziweto ku Shymkent, komwe bambo ake ankangoponya diso kamodzi n'kudziwa nkhosa yotsimphina. Diso limenelo anatengera. Ataphunzira unamwino, analowa ntchito pachipatala chophunzitsa anthu kuyendanso akathyoka mafupa kapena akafa ziwalo, ndipo wathapo zaka makumi awiri.

Ntchito yake n'kuika odwala m'magulu. Amaona ngati munthu angathe kudya yekha, kusamba, kuvala ndi kukwera masitepe, n'kulemba papepala. A gulu lachiwiri amagona masiku khumi ndi anayi, a lachinayi mwezi wathunthu, ndipo a inshuwalansi amalipira chipatala potengera gululo.

Odwala ambiri amanamizira kuchira kuti apite kwawo msanga. Koma bambo Sagyndyk, dalaivala wa thirakitala wopuma pantchito amene anathyoka chiuno atagwa mumtengo wa maapozi, ankafuna kukhalitsa. Kunyumba akazi awo anawaletsa fodya ndi nyama yonona, pomwe m'wodi anapeza anzawo osewera nawo makadi.

Tsiku lowayesa, Raushan anawapatsa malaya.

"Agogo, tamangani mabatani."

Zala zinayamba kunjenjemera, batani n'kumapulumuka.

"Zafa izi, mwana wanga."

"Kodi munathyoka chiuno kapena zala?"

"Ululu umayenda, iwe. Sukhala malo amodzi."

Raushan anali ataziona zala zomwezo dzulo lake zikugawa makadi mwaliwiro. Anapukusa mutu mwachisoni.

"Pepani, agogo. Ndiye ndinu a gulu lachinayi. Mwezi wathunthu."

Mkuluyo anabisa kumwetulira m'ndevu.

Raushan anapitiriza: "Kungoti a gulu lachinayi amagona okha kuchipinda cha pansi. Chakudya ndi phala lopanda mchere, ndipo amene amawasambitsa ndi Bolat."

Za chipinda ndi phala Raushan anangopeka. Koma Bolat analipodi, namwino wa manja ngati fosholo, wokhula munthu ngati akuchapa kapeti.

Mabatani onse asanu ndi limodzi analowa m'malo mwake. Mkuluyo anakwera masitepe, n'kutsika, n'kufunsa ngati akwerenso.

"Mankhwala a dzulo aja ayamba kugwira," anatero akupuma wefuwefu.

Atakwana masiku khumi ndi anayi, akazi awo anabwera kudzawatenga. Koma Lachinayi lililonse ankabwerabe kudzawongola mwendo, ndipo akamaliza ankakhala pabenchi kulangiza odwala atsopano monong'ona za chipinda cha pansi chija.

Tsiku lina Raushan anapeza bambo Orazbek, mphunzitsi amene anafadi ziwalo mbali imodzi, akulimbana ndi supuni, thukuta lili kamukamu, msuzi uli pachifuwa ponse.

"Ndikutha, mayi, onani! Musandipititse pansi paja!"

Raushan anagwira pakamwa. Masana onse anathera pambali pa bedi lawo, kulumbira kuti pansi paja pali mopu ndi zidebe basi. Bambo Orazbek sanakhulupirire mpaka Raushan atawakankha panjinga ya odwala kukawaonetsa.