Chithunzi cha Mayi Tupling pa Siteshoni

Mayi Marjorie Tupling akhala pamsewu wathu, kuno kumpoto kwa Toronto, zaka makumi anayi ndi zisanu, ndipo palibe chabwino chimene chinafuna kutifika chimene iwo sanachibweze pachipata.

Pamene ankakumba njanji ya sitima yapansi panthaka, akhonsolo anati khomo limodzi la siteshoni likhale pakona ya msewu wathu. Mayi Tupling anavala chipewa chawo cha kutchalitchi, n'kuyenda nyumba ndi nyumba ndi chikalata chokana.

"Mukufuna anthu osawadziwa azitumphuka pansi ngati mfuko, n'kumasuzumira m'mawindo mwanu? Sayinani apa!"

Tinasayina, poti kukangana ndi mayiwo kunali kutaya tsiku lonse. Khomolo analikankhira kutali, kutsidya kwa msewu waukulu. Akhonsolo atabweranso ndi nkhani ya kanjira kasimenti ka oyenda pansi, mayiwo anati kadya kapinga wawo. Komanso kuno amayenda pansi ndani? Wakuba ndi wogawa makalata basi. Anapambananso.

Ndipo sankanama kwenikweni. Kwathu kuno munthu amakwera galimoto ali m'nyumba, chitseko cha galaja n'kutseguka chokha, moti mnansi wako umamudziwa ndi mtundu wa galimoto yake. Siteshoni itatsegulidwa inatchuka chifukwa chosowa anthu, mpaka achinyamata a m'tauni ankabwera kudzajambula mabenchi opanda wokhalapo. Mayi Tupling akamadutsa pagalimoto ankailoza ndi chibwano, amvekere, "Ndinanena ine."

Koma ukalamba sungausayinitsire chikalata. Atakwanitsa zaka makumi asanu ndi atatu anapita kukayezedwa maso, monga amachitira aliyense wa msinkhu umenewo wofuna kuyendetsabe galimoto, ndipo anabwerako opanda layisensi. Lamlungu lake mwana wawo Graeme anafika ndi kabuku ka nyumba yosungirako okalamba, kodzaza ndi zithunzi za nkhalamba zosekerera ngati zalonjezedwa mano atsopano.

"Amayi, pano popanda galimoto mukhala bwanji? Ngakhale buledi ali kutali."

"Undichotse m'nyumba ya bambo ako? Iwe amene ndinakusintha matewera pakhonde apa? Sitima ilipo!"

"Sitima? Inu?" Graeme anaseka mpaka kutsokomola. "Chabwino. Lachiwiri muli ndi ulendo wa kwa dokotala. Mukapita nokha pasitima, kabukuka nditaya. Mukalephera, tikaona chipinda."

Lachiwiri kunacha ndi chipale chofewa chofika m'mawondo. Galimoto yokankha chipale inali itachiunjika m'mbali mwa msewu, pamwamba penipeni pa kapinga wotchuka uja, ndiye Mayi Tupling anayenda mumsewu pamodzi ndi magalimoto, ndodo kudzanja, matope akuwathovukira m'miyendo. Mnansi wina anawaimbira hutala, n'kuwazemba mokwiya osawazindikira. Akanawazindikira bwanji opanda galimoto?

Pamsewu waukulu getsi la oyenda pansi linatha iwo ali pakatikati. Anaima pakachilumba kasimenti, malole akufuma uku ndi uku, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo anachita mantha ndi dera lawo lomwe.

Anafika pasiteshoni patatha ola lathunthu, ulendo wa mphindi zitatu pagalimoto. M'katimo munali zii, moyera ngati m'chipatala, kukumveka kudontha kwa madzi a m'nsapato zawo. Chikepe chinali kumapeto ena, iwo sanachione. Anatsika masitepe limodzilimodzi atakakamira chitsulo mpaka anafika pansi. Anadziponya pabenchi.

Sitima inabwera, zitseko n'kutseguka. Sanatsike munthu, sanakwere munthu. Mayi Tupling anayang'ana mpata wapakati pa sitima ndi simenti, miyendo n'kukana kudzuka. Yachiwiri inapitanso chimodzimodzi. Nthawi ya dokotala inali itadutsa.

Mayi wina wokolopa pasiteshonipo, dzina lake Precy litalembedwa pachifuwa, anayandikira ndi ndowa yake.

"Agogo, kwagwanji? Kapena mukudikira ya golide? Zonse n'zofanana izi."

"Sindine agogo ako, mtsikana iwe."

"Pepani mayi. Kungoti ndasangalala kuona munthu. Chim'mawire ndikukolopa mapazi anga omwe."

Mayi Tupling anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Ameneyu ndiye anali mmodzi wa anthu osawadziwa aja. Anatulutsa foni.

"Ikabwera inayo, undigwire mkono mpaka pakhomo pake. Undijambule msanga, kenako undibweze pabenchi."

"Osakwera?"

"Ndati undijambule."

Precy anachita zomwezo, ndipo chithunzi chinatuluka bwino zedi: Mayi Tupling phazi limodzi m'sitima, chipewa chili chilili, nkhope ya munthu wobadwira panjanji. Anachitumiza kwa Graeme. Nyumba yawo inali itapulumuka, ndipo misozi inalengeza m'maso mwawo, pakuti nyumbayo ankaikonda kuposa munthu aliyense wamoyo.

Foni inalira nthawi yomweyo.

"Amayi! Mwandichititsa manyazi, kabuku kaja ndaponya m'bini!" Graeme anali wokondwa ngati mwana. "Ndiye mwandipeputsa. Ndinkati ndizipempha kuntchito kuti ndizikutengani, koma basi palibe chifukwa. Kwa dokotala Lachiwiri lililonse, kumsika, ndi kwathu Lamlungu, muzingokwera yomweyo. Si yophweka?"

"Yophweka kwambiri," anatero Mayi Tupling.

Anatseka foni, n'kukweza maso kuyang'ana masitepe aja kuyambira pansi mpaka pamwamba pomwe pankaoneka kakuwala.

"Mtsikana iwe," anaitana motsitsa mawu, "Precy, mwanangu. Lachiwiri likubwerali udzakhalapo?"