Vaneti Yoyera ya Matayala Akuluakulu

Vaneti ija inafika kwathu ku Chawama chaka chimene mwana wathu wachiwiri anayamba sukulu. Inali yoyera, yogula kwa munthu, koma penti wake anali akadawala. Amuna anga ankanyamulira anthu katundu wa m'masitolo kuchokera m'tauni, ine n'kumasoka mayunifolomu pakhonde monga mwa masiku onse.

Pasanathe mwezi anachotsa matayala ake n'kuikapo ena akuluakulu, a mano, otulukira kunja kwa galimoto. Ankati ndi abwino m'matope a dzinja. Koma matayalawo ankatola timiyala n'kumatiponyera m'mbali, ndipo m'munsi mwa zitseko munayamba kuoneka timabala takuda ngati nthomba. Amuna anga ankagwada n'kumatisisita ndi chala, nkhope ili yakugwa.

Ndinawamvera chisoni, ndiye ntchito yoteteza pentiyo ndinaitenga ine. Ndinakapempha lamba wakutha kuchigayo cha pafupi ndi msika, n'kumudula ndi mpeni zidutswa zinayi mpaka m'manja munatuluka matuza. Iwo anazimangirira kumbuyo kwa tayala lililonse kuti zizitchinga miyala. Ndinasokanso chinsalu chokhuthala chofunditsa galimoto yonse. Loweruka lililonse ndinkaitsuka, kenako n'kumadontheza penti woyera pakabala kalikonse ndi kaburashi, kuti dzimbiri lisalowe.

Iwo anaika lamulo lakuti vaneti iziyenda pa tala basi. Amayi anga atadwala mwendo kwawo kukomboni ya Kuku, ndinapempha kuti tikawatenge tipite nawo kukiliniki.

“Kuja kuli miyala, amake mwana,” anatero. “Mufuna penti yonse ichoke? Nchito yanu yomwe iwonongeke?”

Sindinatsutse. Ine ndi mng'ono wanga tinawagwira amayi uku ndi uku, akutsimphina, mpaka pamsewu waukulu pokwerera basi. Mumtima ndinkati munthuyu akusamala chinthu chimene chikutidyetsa.

Koma timabala sitinaleke kuwonjezeka. Ndikafunsa, ankati ndi malole amene amawawaza miyala popita ku Chainda.

M'chilimwe chinacho amuna anga anagona ndi malungo, n'kunditumiza ku Kanyama kwa wopenta magalimoto kukatenga kachitini ka penti ndi phula lakuda lopaka kunsi kwa zitseko. Wopentayo anali bambo wachikulire wochezeka, ndipo tinali tisanaonanepo. Nditangotchula vaneti yoyera ya matayala akuluakulu, anaseka.

“Oho, ndimwe amai a ku Linda! Ninabauza ba bosi, amuna banu, kuti msewu wanu uja uzasiliza penti. Miyala yekayeka, koma beve tsiku na tsiku bapitamo. Nanga kamwana kali bwanji? Paja banali kuthamanga nako ku kiliniki.”

Ana anga onse awiri anali kusukulu, ali bwinobwino. Ku Linda ndinalibe ngakhale m'bale.

“Kali bwino,” ndinayankha choncho. Mawuwo anatuluka okha. Ndinalandira zitini zija, n'kuthokoza, n'kupita. M'basi ndinazifumbata pamiyendo, ndipo kondakitala anachita kundigwedeza paphewa titafika poti nditsike.

Amuna anga ndinawadwazika mpaka anachira. Ndinkawaphikira phala, kuwapukuta thukuta, osawauza zimene ndinamva kwa wopenta uja. Atayambanso kuyenda, Lachitatu lina masana ndinatseka makina anga osokera n'kukwera basi ya ku Linda. Sindinavutike. Amayi amene ndinawapeza pampopi ankaidziwa galimotoyo, ndipo anandilozera njira yotsetsereka, ya miyala yosongoka imene inkandibaya ngakhale ndinali mu nsapato.

Vanetiyo ndinaipeza pansi pa mtengo wa mango, itafunditsidwa chinsalu changa chija. Amuna anga anali pakampando pakhomo, atanyamula khanda. Mkazi wina, wamng'ono kwa ine, ankatsuka mbale chapambali.

Atandiona sanaimirire. Sanapepesenso.

“Wakuuzani ndani?” Ndi zokhazo zimene anafunsa.

“Atate ake a ana, amayi anga anayenda pansi ndi mwendo wotupa chifukwa cha miyala. Nanga iyi ndi chiyani? Ndi thonje?”

Anangoyang'ana pansi. Mkazi uja anaimirira, manja ali thovu lokhalokha, n'kumatiyang'ana mosinthanasinthana.

“Ba sisi,” anatero chapansipansi, “banandiuza kuti munasiyana kalekale. Ati nsalu iyi banasoketsa ku msika.”

Ndinamukhulupirira. Ndinatembenuka n'kukwera mtunda uja, ndipo misozi inayamba nditafika kale pampopi. Mayi wina anandipatsa madzi m'kapu osandifunsa kanthu.

Nkhani inapita kwa ankhoswe. Amalume anga, amene anachokera ku Malawi limodzi ndi agogo, anati ndipirire chifukwa cha ana. Ankhoswe a kuchimuna anati khanda lilibe mlandu, zimene inenso ndinkadziwa. Amuna anga analankhula nthawi yaitali za mmene anagwera m'mayesero, koma m'mawu onsewo sanatchulemo amayi anga ngakhale kamodzi. Pamenepo m'pamene ndinadziwa kuti sindikhala.

Mkulu wanga anandipezera chipinda ku Matero. Tsiku losamuka amuna anga anabwera m'mawa, n'kutsegula kumbuyo kwa vaneti.

“Lekani nikuperekezeni. Makina ni yolema.”

“Zikomo, ndapeza kale ina.”

Inali kalole kakale ka bambo wina wa kutchalitchi, kochita kukankha kuti kalire. Tinakwezamo makina, matilesi ndi mapoto, ana n'kukhala pamwamba pa katundu. Wamng'onoyo ankabayibitsa atate ake mosangalala, akuyesa tikupita kokacheza. Ndinamuuza zoona patapita masiku atatu, titamaliza kukolopa chipinda chatsopanocho.