Injini Yodikira Bambo Aakulu

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene bambo anga anabweretsa chigalimoto chakufa pakhomo pathu ku Brampton, m'dziko la Canada. Chinabwera chitakwezedwa pa lole, matayala ataphwa, dzimbiri litadya zitseko mpaka kumaonekera kunja. Inali pikapu yakalekale imene anagula kwa mlimi wina kunja kwa tauni, ndipo mkati mwake munkanunkha mbewa ndi udzu wouma. Amayi anaima pakhomo manja ali m'chiuno, n'kufunsa kuti, "Abambo a Thoko, kodi kuno tayamba kutola zinyalala?"

Thokoyo ndine, ndipo ine sindinaone zinyalala ayi. Pafupi ndi kwathu panali bwalo la masitolo pamene anthu ankasonkhana nthawi ya chilimwe n'kumaonetsana mapikapu akale. Ankawatsitsa mpaka mimba kutsala pang'ono kukhula phula, n'kuwapaka utoto wowala, n'kuikamo injini zobangula mpaka m'chifuwa mwako kumanjenjemera. Amawatcha mahotirodi. Bambo anati yathunso idzakhala choncho. Basi, ine mtima unali utathamangira kale kubwaloko, ndikudziona nditakhala kutsogolo, chigongono chili pawindo.

Ine ndinabadwa ndi phuma, ndipo chilimwe cha kuno sichidikira munthu. Ukangoti wavula jekete, masamba ayamba kale kufiira. Poyamba ntchito inkayenda mmene ndinkafunira. Tinapala dzimbiri mpaka zala kuchita matuza, tinasintha mabuleki, tinaitsitsa, tinaipaka utoto wakuda ndi mzere wofiira m'mbali. Galaja yonse inkanunkha penti ndi oyilo, ndipo amayi anasiya kudandaula za malaya anga. Chinatsala ndi injini. Apa m'pamene bambo anaika sipanala pansi n'kunena kuti, "Injini iyi sidzalira popanda mawu a achimwene."

Achimwene awowo, amene ine ndinkawatcha bambo aakulu, anali makaniko ku Biwi ku Lilongwe. Asanapite kumeneko ankayendetsa matola pakati pa Ntcheu ndi Tsangano, ndipo bambo anga anaphunzira za magalimoto ali kamnyamata kolendewera kumbuyo kwa pikapu yawo. Chaka chimene tinagula galimotoyi n'kuti bambo aakulu atadwala sitiroko. Dzanja lamanja linafa, pakamwa panapotoka, mawu ankatuluka limodzilimodzi. Anabwerera kumudzi ku Ntcheu, komwe amayi aakulu ankawasamalira. Choncho Loweruka lililonse m'mawa, kumudzi dzuwa litapendeka, tinkawaimbira foni yoonana nkhope. Ntchito yanga inali kugwira foniyo.

Tsiku loyamba bambo aakulu anaiyang'ana pikapuyo nthawi yaitali. "Samu," anaitana bambo anga ndi dzina lawo, "mwaitsitsa chonchi? Ku Tsangano idzadutsa? Nanga mbatata mudzaika pati?"

"Iyi sinyamula katundu, achimwene. Ndi yongoonetsa."

"Yongoonetsa! Kumeneko mwapenga nonse."

Tinaseka, ndipo ine ndinaganiza kuti Loweruka lotsatira injini ilira. Kulira kwake kuti! Bambo akapotoza kiyi, inkangotsokomola, kuphulika ngati mfuti, n'kuzima. Bambo aakulu anati vuto ndi pampu ya petulo. Tinaimasula, tinaitsuka, tinaibwezera, koma palibe chinasintha. Sabata yotsatira kumudzi kunalibe magetsi ndipo foni yawo inathima. Sabata ina nkhope yawo inkangouma pagalasi, mawu osamveka. Titawapeza anati titsuke kabuleta, kachipangizo kosakaniza petulo ndi mpweya. Kenaka, abale inu, anatinso pampu, ataiwala kuti tinaiona kale. Bambo anga sanawakumbutse. Anangoti, "Chabwino achimwene," n'kutenga sipanala kukamasulanso pampu yomweyo.

Ine zinkandinyansa zedi. Ndinkagwira foni uku ndikupondaponda pansi, kuyang'ana kumsewu, kuusa moyo mokweza kuti andimve. Tikamaliza ndinkakwera njinga kupita kubwalo kuja kukaona magalimoto a anthu ena, n'kubwerako nditakwiya kuposa mmene ndinapitira. Sukulu inatsegulidwa. Mphepo ya m'mawa inayamba kuluma makutu. Ndinkadziwa kuti chipale chofewa chikangogwa, misewu aithira mchere, ndipo galimoto yakale siyenda pamchere chifukwa imadyeka.

Ndinatopa nazo, ndipo ndinakhala pa kompyuta ya amayi n'kuyamba kuonera mavidiyo a anthu okonza injini zakale. Mmodzi anafotokoza kuti waya wa pulagi iliyonse uli ndi malo akeake, ndipo ukasinthanitsa awiri injini imaphulika n'kuzima. Ndinathamangira m'galaja, ndinatsata mawaya ndi chala, ndipo ndinawapeza. Awiri anali osinthana! Ndinadikira pakhomo mpaka bambo anatsika basi. Ankagwira ntchito ya unesi kunyumba yosungirako okalamba, ndipo anafika ali chivalire yunifolomu yawo, akukoka miyendo.

"Adadi, ndapeza! Si pampu ayi, ndi mawaya!"

Sanadabwe n'komwe. Anakhala pa sitepe n'kuyamba kumasula nsapato. "Awiri a kumanzere aja? Ndinawaona kale, mwanawe. Ndinalakwitsa ndine poika, ndipo ndinazindikira tsiku lomwe inakana kulira."

Ndinalankhula zambiri, zonse m'Chingerezi, monga tinkachitira ana a kuno tikapsa mtima. Ndinawawerengera Loweruka lililonse limene tinataya, ndinawauza kuti chilimwe chatha, kuti anzanga akundiseka. Iwo anandisiya mpaka mpweya unandithera, kenaka anandiyankha m'Chichewa, modekha.

"Kuntchito kwanga ndimasambitsa anthu amene kale anali aphunzitsi, oyendetsa sitima, mabwana. Chakudya timawapatsa, mankhwala timawapatsa. Koma palibe amene amawafunsa nzeru. Timangowafunsa ngati agona bwino. Achimwene kumudzi kuja anthu anasiya kuwabweretsera ngakhale njinga yamoto. Amayi ako aakulu akuti sabata yonse amangoyang'ana khoma, koma Loweruka amaitanitsa malaya oyera n'kuti awamete ndevu."

"Ndiye bwanji osangowauza kuti ndi mawaya?"

"Ndikawauza ine, ndiye kuti ndawauza kuti sitikuwafuna. Apeze okha. Maso a makaniko akadali nawo." Anandiyang'ana cham'mbali. "Koma aona bwanji, iwe foni umaigwedeza ngati ukupeta mpunga?"

Sindinganame kuti ndinamvetsa zonse tsiku limenelo, chifukwa mkwiyo unali udakalipo. Anthu a mahotirodi anasonkhana komaliza chaka chimenecho ife kulibe, ndipo ndinalira ndithu. Koma sabata yomweyo amayi aakulu anaimba kuti bambo aakulu agonekedwa m'chipatala. Loweruka limenelo sitinalowe m'galaja. Bambo anangoyendayenda m'nyumba, kutsegula firiji n'kuitseka osatengamo kanthu, kuyang'ana foni, kuiika pansi, kuitolanso. Ndinaona kuti nawonso phuma ali nalo, kungoti ankalibisa. Kuyambira pamenepo mtima wanga unasiya kuthamangira kubwalo. Unayamba kuopa kuti bambo aakulu apita asanawaone mawaya aja.

Atatuluka m'chipatala tinawaimbiranso. Anali ataonda, kolala ya malaya oyera ikuwalendewera m'khosi, koma ndevu zinali zometa. Kunja kwa galaja kunkazizira moti mpweya unkaoneka potuluka m'kamwa. Ndinavula magolovesi, ndinatsamiritsa zigongono pa chitsulo cha galimoto, ndinagwira foni ndi manja onse awiri n'kuilozetsa pa mawaya penipeni. Zala zinkawawa ndi chisanu koma sindinasunthe.

"Achimwene, ikukanabe," anatero bambo.

Bambo aakulu anati, "Pampu... mwaiona?"

Ndinaona mapewa a bambo anga akugwa. Anatembenuka kuti atenge sipanala, ndipo nkhope yawo sindinaikonde. Pamenepo ndinalankhula, m'Chichewa changa chopunduka cha nthawi imeneyo, chimene kawirikawiri ndinkachita nacho manyazi.

"Bambo aakulu, ine sindidziwa kanthu. Mawaya awa amachokera kuti, amapita kuti? Tandiphunzitsani."

Nkhope yawo inayandikira galasi. "Ndiwe Nangozo?" Ankandiitana ndi dzina la mfunda wathu. "Samu sanakuphunzitse? Waulesi ameneyo. Ika chala pa woyambawo. Tsata."

Ndinagwira foni ndi dzanja limodzi, linalo n'kumatsata waya. Anati ndipite pa wachiwiri, ndinapita. Ankawerenga pang'onopang'ono, nthawi zina kutaya nambala n'kuyambiranso, ndipo ine miyendo inkandiyabwa kufuna kudumphira pa awiri aja. Ndinaluma mlomo. Kumbuyo kwawo ndinkamva nkhuku ndi wailesi ya anthu oyandikana nawo. Chala changa chitafika kumanzere, anasiya kuwerenga.

"Ima. Bwerera." Ndinabwerera. "Tsatanso." Ndinatsatanso. Kenaka mawu anatuluka amphamvu moti foni inachita kunjenjemera m'dzanja. "Samu! Ndani waika izi? Wasinthanitsa! Zaka zonse zija ndinkakuphunzitsa chiyani? Mutu wako uli ndi madzi?"

"Pepani achimwene," anatero bambo, ataweramitsa mutu ngati mwana wasukulu. "Maso akukalamba."

Anaweramira m'boneti nthawi yaitali kuposa imene imafunika posintha mawaya awiri, ndipo atadzuka anapukuta kumaso ndi mkono wa jekete. Analowa m'galimoto n'kudikira, dzanja lili pa kiyi.

"Ilize," anatero bambo aakulu.

Mayo ine, phokoso lake! Zitini za penti zinavina pa shelefu, utsi unadzaza galaja, masamba ouma anauluka pakhomo. Galu wa anthu oyandikana nafe anauwa ngati waona mfiti. Amayi anatuluka atatseka makutu, akukalipa mawu amene palibe anawamva, kwinaku akuseka. Ine ndinayang'ana pafoni. Bambo aakulu ankamenya mpando ndi dzanja lawo lamoyo lija, akuitana amayi aakulu. "Bwerani mudzamve! Ndakonza ya ku Canada ndili chikhalire!"

Tsiku limenelo tinangozungulira misewu ya kwathu, foni ili pawindo kuti bambo aakulu aone. Posakhalitsa chipale chinagwa, mchere unathiridwa, ndipo pikapu tinaifunditsa lona. Bambo aakulu anamwalira chipalecho chisanasungunuke. Amayi aakulu anatiuza kuti aliyense wobwera kudzawazonda ankayamba wamva nkhani ya mawaya, ndi ya mng'ono wawo wa mutu wa madzi. Chilimwe chotsatira tinaimika galimoto yathu pabwalo paja. Sinali yokongola kuposa zonse, koma anthu ankaima n'kufunsa amene anakonza injini. Bambo ankayankha kuti ndi achimwene awo a ku Malawi.

Lero ndine mayi wa ana awiri, ndimakhala ku Etobicoke, kufupi ndi Brampton, ndipo ntchito yanga ndi yokonza makina a ndege. Phuma silinandichoke. Ndikaona chinthu chokhota, manja amafika ndisanaganize. Ndinkayesa kuti kuthandiza munthu ndiko kumuchotsera vuto mwachangu, koma m'galaja muja ndinaona kuti ukhoza kumuchitira munthu zonse n'kumusiya alibe chodzukira m'mawa. Bambo anga anapuma ntchito. Makutu ayamba kugontha, manja amanjenjemera, ndipo pikapu ija ikadali m'galaja, sinanyamulepo ngakhale thumba limodzi la mbatata.

Loweruka lapitali galimoto yanga inayamba kulira mwachilendo. Ndinadziwa ndisanatuluke n'komwe pamsewu wathu kuti ndi lamba wa injini, ndipo ndikanamumanga ndekha pakhomo. Koma ndinaiyendetsa mpaka ku Brampton, ndinatsegula boneti, n'kuitana kuti, "Adadi, tabwerani mudzamve, ine zandisokoneza." Anatuluka atavala malaya oyera, anatchera khutu, n'kunena kuti tiyambe taona pampu. Ndinapisa manja onse awiri m'matumba kuti asathamangire pa lamba, ndipo ndinati, "Chabwino adadi, sipanala ili kuti?"